Dzanja Lomwe Linatsala pa Phewa Langa

M'chipinda changa kuno ku Balaka muli chithunzi chomwe alendo amachiseka. Tilipo atsikana atatu titavala makhoti a mphepo, ndipo ine, amene ndili kumapeto, ndilibe phewa lakumanzere. Ena amafunsa ngati anadya ndi makoswe. Ndimangovomera, chifukwa nkhani yake sindimatha kuikamba osalira.

Boma linanditumiza ku Skotilandi kukawonjezera maphunziro a uzamba. Ndinanyamuka ndili mtsikana wa ku Phalula wosadziwa ngakhale kuyatsa mbaula ya gasi. M'nyumba yogona anamwino ndinapezamo Mmalawi mmodzi yekha, mayi wa Chiyao wochokera kufupi ndi Ntaja, wamkulu pang'ono kwa ine. Atamva kwathu anaseka nati, "Ndinu a kuja amagulitsa mbewa pamsewu? Kuno mufa nayo njala, achemwali." Ndinamuyankha kuti bola mbewa kusiyana ndi kununkha utsi wa milamba. Ubwenzi wathu unayambira pamenepo, ndipo sitinasiye kunyozana mpaka tsiku lomaliza.

Iye anafika kumeneko zaka zinayi ine ndisanabwere, ndipo njira yobwerera inali itatsekeka. Mchimwene wake anathawira ku Tanzania atatchulidwa kuti ndi chigawenga, ndipo masiku amenewo dzina la munthu mmodzi linkadetsa banja lonse. Makalata ankatsegulidwa. Kulembera mayi ake kukanakhala kuwaitanira galimoto ya apolisi pakhomo. Choncho anangokhala chete, ndipo mayiwo sankadziwa ngati mwana wawo ali moyo kapena anafera m'chisanu.

Sabata yanga yomaliza inali ya kutaya zinthu. Kwathu lamulo linkaletsa akazi kuvala mathalauza, ndiye awiri omwe ndinali nawo ndinampatsa mnzathu wa ku Ghana, yemwe anali wamfupi moti anachita kuwapinda katatu. Masiketi anga mnzanga wa ku Ntajayo anawamasula mipendero kuti aphimbe mawondo, uku akundinena kuti miyendo ya kwathu si yoonetsa anthu. Ndinkaseka, koma mtima unali utagawikana. Ndinkalakalaka fumbi la pa msika wa Balaka, kulira kwa sitima ikamachoka pa Nkaya, ndi kalongonda wa amayi anga. Komabe ndikamuyang'ana atawerama ndi singano, ndinkamva ngati ndikuthawa munthu wodwala.

Lachitatu tinapita kokajambulitsa tilipo anayi: ine, iye, wa ku Ghana uja, ndi mnzathu wina wa ku India. Wojambula anafuna kuti mnzanga wa ku Ntajayo aime pakati poti anali wamtali. Anakanitsitsa. Anakaima kumapeto, kumanzere kwanga, n'kuika dzanja lake lamanja pa phewa langa. Wojambula anati alitsitse, iye analibwezera pomwepo, n'kutambasula zala. Ine zinandikwana.

"Achemwali, liuma lanuli mudzafa nalo," ndinatero.

"Yang'anani kutsogolo inu, musekerere," anandiyankha.

Zithunzi zinatuluka Loweruka. Tinakhala pa bedi langa masana, sutikesi ili chitsegukire, ndikusirira momwe tinaonekera. Kenaka mnzangayo anatulutsa sizasi m'thumba la yunifolomu, yomwe ija tinkadulira mabandeji, n'kulanda chithunzi changa. Ndisanamvetse chomwe chikuchitika, anali atadzidulamo. Nkhope yake inagwera pa bulangeti.

Ndinakalipa. Ndinamuuza kuti ndi mfiti, kuti chithunzicho chinali changa, kuti ndilibe china chomukumbukira nacho. Anandisiya ndilankhule mpaka mawu anandithera.

"Pa Chileka akapeza nkhope yangayi m'sutikesi mwanu, simukagona kwanu," anatero. "Adiresi yanganso musalembe paliponse. Koma ndikupempheni chimodzi. Mukapite kwa amayi, mukawauze kuti ndili moyo. Chithunzichi mukapite nacho."

"Chopanda inuyo? Akachitani nacho?"

"Mukapite nacho basi."

Anandilongosolera njira kawiri, n'kundiuza kuti ndibwereze: kutsika pa Ntaja, kudutsa mzikiti, kutsata njira ya ogula nsomba mpaka pa mitengo iwiri ya mgwalangwa, nyumba yoyang'ana kudambo.

Tinasiyana pa siteshoni ya sitima m'mawa wa Lolemba, kukuwaza kamvula kawo kosatha kaja. Wa ku Ghana analira mokweza mpaka anthu kutembenuka. Wa ku India anandipatsa kampango kofiira. Mnzanga wa ku Ntaja sanalire. Anandikonza kolala ya khoti, nati, "Mukandidyereko mango a kwathu, osati mbewa." Sitima itayamba kuyenda ndinamuona akutembenuka msanga, akuyenda atagwira pakamwa. Aka kanali komaliza kumuona.

Pa Chileka anapendadi chilichonse. Bambo wina anachitembenuza chithunzicho n'kufunsa kuti wadulidwayo ndi ndani. Ndinati ndi mtsikana wa ku Nigeria amene tinayambana chifukwa cha mwamuna. Anaseka, nati akazi ndife ovuta, n'kuchiponya m'sutikesi.

Apa ndiyenera kunena zoona: ndinakhala miyezi inayi osapita. Ndinayamba ntchito pa chipatala china ku Balaka, ndipo tchuthi chilichonse ndinkapeza chifukwa. Mvula, matope, kutopa. Koma chifukwa chenicheni chinali mantha, ndipo ndikuchita nawo manyazi mpaka lero. Tsiku lina ndikubereketsa mayi wina wa Chiyao, ndinamumva akuitana mayi ake kuti "amao, amao" pa ululu wake. Loweruka lotsatira ndinatenga dengu ngati wokagula nsomba, ndinakwera basi ya ku Liwonde, kenaka ina ya ku Ntaja.

Migwalangwa iwiri ija ndinaipeza dzuwa litapendeka. Pakhonde panali mayi wachikulire atafunda mpango woyera, akupeta mpunga. Nkhope sindinachite kufunsa, inali yomwe ija inagwera pa bulangeti. Ndinaodira, anandiyalira mkeka, tinalonjerana. Nditaona kuti palibe wina pafupi, ndinanong'ona kuti ndachokera kunja, ndipo mwana wawo wamkazi ali moyo, akupereka moni.

Lichero silinaime n'komwe.

"Iyayi, mwasokera, mwanangu," anatero. "Ine ndilibe mwana kunja. Ana anga onse ali konkuno."

Ndinabwereza, ndinatchula dzina lake, ndinatchula la mchimwene wake. Pamenepo m'pamene anaumiratu nkhope.

"Anabweranso ena chaka chatha ndi nkhani yomweyo, ovala bwino ngati inuyo. Ndinawauza zomwezi. Ngati mukufuna nsomba, njira ya ku Chiuta ndi iyo."

Ndinapsa mtima, osati ndi iwo, koma ndi mnzangayo. Kundiyendetsa ulendo wonsewu, n'kundidulira umboni wokhawo womwe ndikanaonetsa! Ndinatulutsa chithunzicho mongofuna kukwaniritsa lonjezo, n'kuchiika pa mkeka.

"Anati ndikuonetseni ichi. Iye mulibemo, anadzidulamo yekha."

Anachiyang'ana mwa ulesi, kenaka anatula lichero pansi. Anachinyamula n'kuchitembenuzira kudzuwa. Sankayang'ana nkhope zathu. Ankayang'ana pa phewa langa, pomwe panatsala zala zinayi ndi msana wa dzanja. Pa dzanjapo panali chipsera chachitali chotuwa, chomwe ndinkachiona tsiku ndi tsiku kwa chaka ndi theka osafunsa chiyambi chake.

"Waya wowambira nsomba," anatero motsitsa mawu. "Anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinamuuza kuti asagwire."

Apo m'pamene ndinamvetsa chomwe anakanganirana ndi wojambula uja. Mayiwo anasisita chipseracho ndi chala chachikulu. Kunjira kunadutsa anthu awiri pa njinga, ndipo mayiwo anakweza mawu kuti amveke: "Ndanena kale, ndilibe mwana kunja!" Njingayo itapita, anandiyandikira.

"Dzanjali lanenepa. Ndiye kuti akudya?"

"Akudya, amayi. Ndipo pakamwa sipanasinthe."

Anaseka misozi ikutsika. Sanandipemphe chithunzicho, anangochigwirabe ndi manja awiri, ndipo ine ndinadziwa kuti sindingachilande. Chonse sakanatha kusunga, poti mtsikana wa ku India pa khoma la nyumba ya ku Ntaja akanabweretsa mafunso. Ndinapempha lumo. Ndinadula phewa langa pamodzi ndi dzanjalo, kachidutswa kochepa ngati sitampa. Anakamanga pa nsonga ya mpango wawo, nandidzazira dengu langa ndi mpunga.

Zinthu zitasintha m'dziko muno ndinalemba makalata ku nyumba ya anamwino ija. Imodzi inabwerera, enawo sanayankhidwe. Ku Ntaja ndinapeza mayiwo anamwalira kale, abale atabalalika. Sindidziwa ngati mnzanga anamva kuti ndinafika, ndipo chimenechi n'chomwe chimandiwawa koposa. Ndimamusowa kwambiri. Nkhope yake yayamba kundithawa m'mutu, koma ndikaima patsogolo pa chithunzicho, phewa langa lakumanzere limalemerabe.