A Twumasi ndi mazira awiri

A Twumasi anagwira ntchito ya ukalaliki mu ofesi ina ya boma ku Kumasi zaka makumi atatu, ndipo mawu amene ankawadziwa bwino kuposa onse anali akuti "mubwere mawa". Atapuma pantchito anatsala ndi penshoni yoonda, ndevu zoyera bwino, ndi galasi lalitali la kuchipinda limene ankacheza nalo kuposa akazi awo, Maame Dufie.

Tsiku lina pafoni panabwera uthenga wa mayi wina, Madamu Pirisila. Anati kampani yake ikufuna abambo achikulire oti azijambulidwa atavala nsalu za kente, zithunzizo zizikwezedwa pa zikwangwani za mumsewu. Anati waona chithunzi chawo cha pamaliro a mlamu wawo, ndipo kaponyedwe ka nsalu paphewa kaja si ka munthu wamba. A Twumasi anaona kuti mayiyu ali ndi maso. Anatumiza masedi 1,500 olembetsera, ndalama imene akazi awo anasunga kuti agulire malata a khitchini mvula isanayambe.

Kuyambira pamenepo Madamu ankawerenga mauthenga awo, koma osayankha.

Kupolisi anakumana ndi Sajeni Ankomah, mnyamata wa msinkhu wa mwana wawo, amene anawatchula kuti Wofa, kutanthauza malume m'chinenero cha kumeneko.

"Wofa, mwati anakulonjezani ntchito yanji?"

"Yoonetsa zovala."

Sajeni anayang'ana ndevu, anayang'ana mimba, n'kuitana mnzake wa chipinda china kuti adzathandize kumvetsera. Sitetimenti analemba katatu. Fayilo anaimanga ndi chingwe mwaluso ndithu, moti a Twumasi, ngakhale anali pamavuto, anayamikira mumtima.

"Mubwere mawa," anatero Sajeni.

Anabwera mawa kanayi. Ulendo wachisanu anauzidwa kuti fayilo yapita ku Accra, ndipo iwo, pokhala munthu wa m'boma, ankadziwa kuti pepala lopita ku Accra salidikira.

Mitambo itayamba kuda, anaulula kunyumba. Maame Dufie sanakalipe. Anamaliza kusinja fufu, nsima ya kumeneko, n'kusamba m'manja.

"Agya, bambo a m'nyumba muno, kavaleni nsalu yanu ya pamaliro ija."

"Tikupita kuti?"

"Simumafuna kujambulidwa kodi?"

Anawatengera kukamtsinje ka kuseri kwa msika, n'kuwagwiritsa mazira awiri kudzanja ili, botolo la mowa wothirira mizimu kudzanja ilo. Ku Kumasi ngakhale wakuba wovala taye amadziwa tanthauzo lake: munthu akaswa mazira ndi kuthira mowa m'madzi uku akukudandaula, mimba imatupa, ndipo kuchipatala sapeza kanthu.

"Mayi, ine ndine mkulu wa mpingo. Sinditemberera munthu."

"Ndani wati muswe? Mazira mukudziwa mtengo wake inu? Mungogwira basi. Kwezani chibwano. Mimbayo ilowe. Musamwetulire, si chikwangwani cha sopo ichi."

A Twumasi anaima pamatope, nsalu paphewa monga Madamu anaikondera, amayi ochapa akuseka chobisa. Maame Dufie anajambula kasanu n'kusankha chimene amuna awo anaoneka oopsa, ngakhale kunena zoona anali atangolumidwa ndi nyerere. Anachitumiza kwa Madamu ndi mawu ochepa: "Lachitatu m'mawa. Dzina lanu lenileni sitilidziwa, koma mtsinje ukulidziwa."

Asanafike pa geti la kunyumba, foni inalira. Masedi 1,500 anali atabwera, ndi ena makumi asanu pamwamba. Kenako uthenga: "Wofa, chonde, zinali zosamvana chabe. Enawo ndi a mazira."

Malata anagulidwa, mazira anakazingidwa. A Twumasi amauza anzawo a pabawo kuti ntchito yawo yoonetsa zovala inatha tsiku limodzi, chithunzi chimodzi, woonera mmodzi, koma woonerayo analipira msanga kuposa boma. Abusa sanachionepo chithunzicho, ndipo Maame Dufie amachisunga m'foni mwawo; pakakhala kukangana pang'ono m'nyumba, amangoyamba kuipukuta foniyo.

Pokhala munthu wa dongosolo, anabwerera kupolisi kukanena kuti mlandu utsekedwe. Sajeni anati kutseka fayilo kumafuna fayiloyo, ndipo fayiloyo ili ku Accra.

"Mubwere mawa, Wofa," anatero, akuwayang'ana mwachifundo.

A Twumasi anatola chipewa chawo.

"Mwana wanga, mawu amenewo ponena sayang'ana munthu kumaso. Umayang'ana pamapepala. Ukapanda kutero, amabweradi."