Kabokosi ka a Fletcher

A Fletcher Sitima akhala akutayipa makalata pa sukulu ina ya mishoni ku Chiringa kwa zaka zambiri. Mukawafunsa chimene amanong'oneza nacho bondo, satchula munda kapena ukwati ayi. Amatchula kabokosi.

Pansi pa tebulo lawo pali makompyuta awiri, yakale ya Windows ndi ina ya Linux imene anasiya alendo. Onsewo amagwiritsa ntchito sikirini imodzi, kiyibodi imodzi ndi mausi imodzi, zolumikizidwa pa kabokosi ka mabatani awiri. Ukadina loyamba ikubwera yakale, lachiwiri inayo. Eee, mmene ankanyadira nako bambowa! Mphunzitsi akalowa mu ofesi, ankadina uku ndi uku dala kuti aone.

Chuma chawo chinali mu yakaleyo. Mayi awo, a Belita, pochokera kogulitsa nandolo ankapuma pa benchi la mu ofesimo n'kumatchula mayina a makolo amene anachokera ku Mozambique, midzi imene anagonamo, ndi amene anatsala m'njira. Ankanena mu Chilomwe, chimene a Fletcher amangochimva patalipatali, iwo n'kumajambula mawuwo pa kompyutayo.

"Iwe Fletcher, ulembe papepala zimenezi," ankatero mayiwo. "Chinthu chodya magetsi ine sindichikhulupirira."

"Mawa, amayi."

Mawa lakelo silinafike. A Belita anamwalira nthawi yokolola chimanga.

Patapita miyezi itatu, kompyuta ya Linux ija inayamba kuvuta, ndipo ahedi anati ifufutidwe yonse, iyambirenso. A Fletcher anadina batani lachiwiri n'kubaya pa kabokosi fulashi ya pulogalamu yofufutira. Pomwepo magetsi anaphethira. Makompyuta onse anazima n'kuyakanso, ndipo kabokosi kanabwerera pa batani loyamba, monga kamachitira nthawi zonse magetsi akazima. Ankadziwa zimenezi, ankadziwa ndithu! Koma anali pa changu, maliro a mnzawo akuwadikira. Sikirini itafunsa ngati ifufute zonse, anavomera osayang'ana n'komwe kanyali ka pa kabokosi kosonyeza kompyuta imene yalumikizidwa.

M'mawa mwake anadina lachiwiri, n'kupeza Linux ili bwinobwino ndi vuto lake lomwe lija. Atadina loyamba anapeza mwayera, mawu a mayi awo mulibe ngakhale kutsokomola. Munthu wamkulu analira pamaso pa ahedi, osachita manyazi.

Masiku ano Loweruka lililonse amapalasa njinga kupita ku Nkhulambe, kope m'thumba, kukafunsa achikulire amene atsala. A Belita anatchula mayina makumi atatu. Mukopemo muli anayi, ndipo limodzi akulikayikira.

Sabata yatha mwana wawo Leah anawapeza akupopa njinga.

"Ababa, agogo aja ankawanena agogo a Belita, amene anawoloka kuchokera ku Mozambique ndi mwana kumsana, dzina lawo anali ndani?"

A Fletcher anasiya kupopa. Mawu a mayi awo akutchula dzinalo ankawamva ndithu m'makutu, ngakhale pamene mayiwo ankapumira polankhula, koma dzina lenilenilo ayi.

"Sindinalembe, mwanawe," anatero.