Mbiri ya Malemu Japhet Chikaonda, Yolemba Eni Ake

Bambo Japhet Chikaonda anakulira pa mishoni ku Nkhoma, kumene mwana akakhoza mayeso ankamuuza kuti asatukumuke, mayesowo anali ophweka. Chiphunzitso chimenechi anafika nacho ku Glasgow chili chathunthu, ndipo zaka khumi ndi zisanu zosambitsa ndi kudyetsa okalamba ku Springburn sizinachisukulutse.

Atakwanitsa zaka makumi asanu analembetsa pa koleji yapafupi ndi kumene ankakhala ku Glasgow, maphunziro omanga misewu ndi milatho. Ankakhala kumbuyo kwa kalasi atamanga tayi, ndipo pakutha pa zaka ziwiri anali ataposa achinyamata onse. Aphunzitsi awo, Mayi Susan, anawauza kuti ndi malikisi otere angathe kulowa yunivesite yakale ya kumadzulo kwa mzinda, ija imabweza anthu ambiri kuposa amene imalandira, n'kuyambira chaka chachiwiri. Chimene chinkafunika ndi kalata yofotokoza chifukwa chake iwo ndiwo oyenera malowo.

Kalatayo analemba monga anawaphunzitsira. Anati sadziwa zambiri, malikisi aja ndi chisomo cha Mulungu ndi kuleza mtima kwa aphunzitsi, ndipo ngati alipo wina woyenera koposa, akuluakulu asavutike nawo. Akuluakulu sanavutikedi. Malo anapatsa wina.

Chaka chinzakecho anaganiza zoyesanso. Mawondo anali atayamba kukana ntchito yonyamula odwala, ndipo ankadziwa kuti akawabwezanso sadzagogoda kachitatu. Mwana wawo Isla, wobadwira ku Glasgow komweko, atawerenga kalata yakale ija anaseka, n'kunena m'Chingerezi chake chothamanga kuti adadi anapempha kukanidwa ndipo anawayankha bwino lomwe. Anawalembera ina yowatcha katswiri. Iwo atawerenga mizere iwiri anaibweza, manyazi ngati awapeza akusamba.

Nkhaniyi inatha ndi akazi awo, Mayi Matilda. Mmalawi akamwalira mumzindawu, mtembo usananyamuke kupita kumudzi, mbiri yowerenga kutchalitchi ankalemba ndi a Chikaonda, ndipo ankaidziwa ntchitoyo.

"Bambo a Isla, mbiri ya malemu a Brown analemba ndani? Munthu uja anali wovuta, koma mutamaliza kuwerenga, mkazi wake anandinong'oneza kuti kodi ndi yemwe uja."

Iwo anayankha kuti zimenezo n'zosiyana, munthu sayamikiridwa akali moyo.

"Ndiye yambani mwafa kaye. Loweruka lokha. Lamulungu mukufunika kukwaya."

Loweruka m'mawa anakhala patebulo n'kulemba pamwamba pa pepala: Malemu Japhet Chikaonda. Cholembera chinathamanga chokha. Malemu ali mnyamata anakoka tcheni choyezera msewu ku Dedza. Malemu ankawerenga masamu m'basi popita kuntchito. Malemu anaphunzitsa anzawo asanu ndi mmodzi kuwerengera kulemera kumene mlatho ungasenze, ndipo onse anakhoza. Pofika nthawi ya nkhomaliro masamba anali anayi, bodza mulibe ngakhale limodzi, chinthu chimene sichinachitikepo pa mbiri zonse zimene analembera anthu ena. Anaiika m'Chingerezi okha. Isla anachotsa imfa, vesi ndi nyimbo yotsekera, n'kuitumiza adadi ake asanasinthe maganizo.

Yankho linabwera m'mwezi wa Malichi. Anawalandira.

Mayi Matilda anafuna kuti chilengezedwe kutchalitchi, koma iwo anakana, nati anthu angayese akudzitama. Anatenga masamba anayi a Chichewa aja, anawapinda bwinobwino, n'kuwaika m'sutikesi momwe amasungamo mapasipoti.

"Musadzataye, Mayi a Isla. Tsikulo likadzafika musadzavutitse munthu wina. Mudzangowonjezera digiri pansipa, ngati ndidzakhoze. Ndasiya mizere iwiri."