Khoma Lakummawa la a Elliam

A Elliam Namakhwa, mmisiri amene mumamuona pa Ulongwe atamangirira levulo ndi chikombole chachitsulo pakaliyala panjinga uja, si munthu wamantha iyayi. Ali mnyamata ankayenda pamitanda ya denga la tchalitchi opanda nsapato, anthu pansi atagwira kukamwa. Koma pali chaka china chimene bambo ameneyu anaonda mpaka lamba kusowa bowo, ndipo sanadwale malungo kapena chifuwa. Chinkamudya chinali khoma. Khoma lenilenili, la njerwa.

Anabadwira kufupi ndi Nayuchi, pamene agogo awo anatula katundu atatopa ndi ulendo wochokera ku Mozambiki. Sukulu anailekera Sitandade 5, nakwera sitima kupita ku Balaka kukaponda daka kwa amisiri omanga masitolo. Ntchito anaiphunzira ndi maso basi: kukoka chingwe, kuimika kona, kugogoda njerwa n'kumva ngati yapsa. Manja anali nawo, koma pepala analibe. Kukabwera ntchito yaikulu, ya sukulu kaya ya chipatala, funso linali lomwelo: "Satifiketi ili kuti, madala?" Ntchito inkapita kwa kamnyamata ka kutauni kovala chipewa choyera, ndipo kamnyamatako mawa lake kankabwera kudzawalemba ganyu iwo omwewo. Zimenezi zinkawawawa mpaka m'mafupa, ndipo ankalumbira kuti mwana wawo sadzafunsidwa funso limenelo n'kuyang'ana pansi.

Ndiye pamene kunamveka kuti bungwe lina lakunja likufuna kuthandiza midzi isanu yozungulira Ulongwe kuyambitsa koleji ya ntchito zamanja, a Elliam anafika kumsonkhano mipando isanayalidwe. Mgwirizano unali wakuti anthu aumbe njerwa, aotche, atute mchenga ndi madzi. Bungwe libweretsa simenti, malata ndi makina, ndi kulipira aphunzitsi zaka ziwiri zoyamba. Makosi anali anayi: zomangamanga, kusoka, kuwotcherera zitsulo ndi zamagetsi. Wapampando wa komiti anasankhidwa Che Zubairu, wogulitsa nsalu wa ku Ntaja amene anadzakwatira kuno, munthu wa pakamwa pokoma woti angakugulitse ambulera mu Okutobala. Kumanga nyumba yaikulu yophunziriramo ntchito anapatsa a Elliam.

Ha, mmene anasangalalira! Mwana wawo womaliza, Tamara, anakhoza Fomu 4 koma zaka zitatu anali akuthamangira mawindo a minibasi ndi mbale ya tomato. Mtsikana ameneyu kuyambira ali wamng'ono ankaphwasula matochi a m'nyumba, ndipo dzina lake linali lachinayi pa amene analembetsa zamagetsi.

Tsono cholakwa chinayambira pachinthu chimene palibe anachiganizira. Anauzidwa kuti aumbe njerwa, ndipo anaumbadi, mudzi uliwonse ndi chikombole chake. Mudzi wina unali ndi chikombole chakale cha kumishoni, njerwa zake zazikulu ngati buledi. Wina unabwereka cha anyamata oumba njerwa zogulitsa, amene amachichepetsa dala, njerwa zake ngati sopo. Zonse anaziunjika mulu umodzi. Kuti mzere uwongoke, a Elliam ankachita kudzaza mipata ndi daka wambiri, chikhalirecho a bungwe anatumiza simenti yoyenera njerwa zofanana. Makoma atatu ataima, simenti inatsala matumba awiri okha. Linatsala khoma lakummawa, lalitali kuposa onse, lopanda khoma lina lolichirikiza pakati. Ndipo kalata ya bungwe inanena mosabisa kuti denga likapanda kukwera pofika kumapeto kwa Okutobala, thandizo lipita boma lina.

Che Zubairu anawapeza atakhala pamulu wa mchenga, dzanja lili patsaya.

"Amisiri, nyumba yanu ija munamangira chiyani?"

"Matope."

"Yagwa?"

"Iyayi."

"Nanga yanga? Nanga mzikiti wathu wakale uja? Mangani mwachikwathu, akulu. Matope m'kati, kunja mupoyinte ndi matumba awiriwo. Tiluze koleji chifukwa cha khoma limodzi?"

Kumanga mwachikwathu aliyense amakudziwa: njerwa umazimata ndi dothi lofiira, kenako m'mizere mwake kunja umapakamo kasimenti kuti madzi asalowe. Amayi anatunga madzi akuimba, abambo anaponda matope, ndipo palibe anaona cholakwika chifukwa nyumba zawo zonse n'zotero. Amene ankadziwa kuti khoma la nyumba yogona si limodzimodzi ndi khoma lotalika ngati anthu atatu oimirirana pamapewa anali a Elliam okha. Ankadziwa, koma anamanga. Anapoyinta mwaluso lawo lonse, moti a bungwe atabwera anajambulira zithunzi pakhoma lomwelo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Koleji inatsegulidwa mu Januwale, mvula ili pakati. Mkulu wake anali mayi Luckness Jimu, ochokera ku Blantyre, amene za matopezo sankazidziwa. Sabata yachiwiri Tamara anafika kunyumba atavala ovolosi yake yabuluu, m'mapewa ndi m'tsitsi muli fumbi lofiira.

"Ababa, lero takhoma matabwa athu ophunzirira mawaya. Aliyense ali ndi lake, langa ndi nambala folo. Koma khoma lanu lija n'lofewa bwanji! Makina oboolera amangolowa ngati m'papaya."

"Khoma liti?"

"Lakummawa lija. Aphunzitsi akuti n'kumene kuli malo aakulu. Tiziima pamenepo tsiku lililonse."

A Elliam anali atanyamula kapu ya madzi, anaiika pansi osamwa. Iwo ankayesa kuti kumeneko kudzaikidwa mashelefu kapena zitsulo zakutha. Ana khumi ndi awiri, maso kukhoma, kuyambira mmawa mpaka madzulo, ndipo wachinayi ndi wawo!

Mmawa mwake anazungulira kuseri kwa nyumba yophunziriramo ija ngati wakuba. Mng'alu anaupeza pansi pa mtanda wa denga, woonda ngati ulusi, ukutsetsereka chopendekera. Anatola khala n'kulemba kamzere pamene unathera. Patapita masiku anayi mng'alu unali utadutsa kamzere kaja ndi chikhatho chathunthu. Analemba kena. Nako unakadutsa. Mvula ya kuno imadza ndi mphepo yochokera kumapiri a Machinga, ndipo inkamenya khoma lomwelo ngati yatumidwa. Akagogoda ndi msana wa mpeni womangira, khoma linkayankha mawu osalira, ngati thumba la madeya.

Kuyambira pamenepo mtambo uliwonse unali mdani wawo. Galimoto ikaphulika tayala pamsewu, ankadzidzimuka n'kuyang'ana kukoleji. Kutchalitchi ankagwada koma pemphero silinkatuluka. Ndipo tisawakometsere, poyamba anayesa njira ya amantha, yopulumutsa wawo yekha.

"Tamara, bwanji usinthe upite kosoka? Magetsi amapha, mwanawe."

"Ababa, inu nomwe munandiperekeza kukalembetsa. Lero magetsi ayamba kupha?"

A Elliam anapita kwa Che Zubairu kusitolo. Awo anatseka chitseko kaye asanayankhe.

"Wallahi, amisiri, mukufuna kutiphetsa. Mwezi wamawa kukubwera oyendera kuti koleji ilembedwe m'kaundula, ana azilandira masatifiketi enieni. Mukatsegula pakamwa, bungwe litenga makina ake, ndipo wokayankha mlandu ndi amene anagwira mpeni, osati ine. Midzi isanu inathyoka misana pamenepaja. Mukuganiza kuti akuombererani m'manja? Dikirani mvula ithe. Inshallah liima."

Zinali zoona, ndipo n'chifukwa chake zinkaopsa. Akayankhula, koleji itha kufa, anthu awada, Tamara abwerera ku tomato. Akakhala chete, tsiku lina adzafukula mwana wawo ndi manja m'njerwa zimene anayala okha. Masabata atatu anayenda ndi zinthu ziwirizi pamtima, osauza ngakhale akazi awo.

Lachiwiri lina masana anali padenga la munthu wina kuseri kwa msika, akukhoma malata. Atakweza mutu anaona kummawa kwada bii, mitengo ya kutali ikuwerama, fumbi likubwera patsogolo pa mvula. Nyundo inawapulumuka m'manja. Mmene anatsikira sakumbuka. Anapalasa njinga mphepo ikuwakankhira m'mbali, madontho oyamba akuwalasa kumaso, pakamwa akungoti, "Mayi Maria, liime, liime, lingondidikira ine."

Analowa osagogoda, atanyoweratu. Ana anali pamzere wawo, aliyense pathabwa lake, malata akulira pamwamba. Mayi Jimu anali pomwepo ndi mphunzitsi wa zamagetsi.

"Bambo Namakhwa, kwagwanji?"

A Elliam anapisa m'thumba, natulutsa msomali wa mainchesi sikisi. Anapita pambali pa thabwa la nambala folo, anakanda kasimenti ka mumzere, kanagwa ngati chikhokho cha mumphika. Kenako anaika msomali n'kuukankha ndi chala chachikulu chokha. Unalowa wonse mpaka mutu. Pouzula panatuluka matope ofiira, onyowa.

"Amayi, khoma ili ndinamangira dothi. Ndine ndinamanga. Tulutsani ana, chonde, tulutsani ana!"

Mayi Jimu anayang'ana msomali, anayang'ana m'mwamba, nakuwa kuti aliyense atuluke. Ana anathamangira pamvula. Tamara potuluka anawayang'ana bambo ake kamodzi kokha, ndipo diso limenelo a Elliam sadzaliiwala.

Zimene ananena Che Zubairu zinachitika pafupifupi zonse. Nyumbayo anaitchinga ndi chingwe. Oyendera anaimitsa ulendo wawo. Bungwe linalemba kalata yaukali ndi kuimitsa thandizo. Osoka anasamukira m'kalasi ina, koma zamagetsi ndi zowotcherera zinaima chaka chathunthu. Kumsonkhano wa midzi isanu anthu omwe anaponda matope aja ndi amene analoza a Elliam zala, akuti atiyalutsa kwa alendo. Ena anati anadyetsedwa ndi a boma lina lija. Amene anawapatsa ntchito ya denga uja anaitana mmisiri wina.

Ndipo khoma, abale inu, silinagwe! Febuluwale anatha, Malichi anatha, mvula inagwa yokokolola milatho, ilo lili chiimire, lokongola ngati pachithunzi paja. Anyamata a kabaza akawaona ankakuwa, "Amisiri, lagwa?" msika wonse n'kufa ndi phwete. Tamara anabwerera kumawindo a minibasi. Kunyumba ankawaikira madzi osamba ndi chakudya mwaulemu wake, koma osalankhula nawo, miyezi inayi. Apa mantha a a Elliam anasintha nkhope. Anayamba kuopa kuti mwina anaphera mwana wawo tsogolo pachabe. Anakaulula kwa wansembe kuti tsiku lina anapempha Mulungu kuti khomalo ligwe, anthu aone.

Amene sanagone anali mayi Jimu. Analemba makalata, anakwera minibasi kangapo kupita ku Lilongwe, mpaka mu Juni bungwe linavomera kutumiza simenti, pokhapokha khoma ligwetsedwe ndi kumangidwanso ndi ophunzira a zomangamanga, mphunzitsi wawo akuyang'anira. Tsiku logwetsa anthu anadzaza ngati kuli mpira, ambiri kudzaseka. Che Zubairu anabwera ndi mpando wawo. Tamara anaima patali ndi mbale yake pamutu.

Anayamba ndi kuchotsa malata a mbali imeneyo, nachirikiza denga ndi milongoti ya bulugamu. Nyundo zikuluzikulu zogwetsera zinali zitayalidwa paudzu, ndipo mphunzitsi anati ntchitoyi itenga masiku awiri. A Elliam anapempha chinthu chimodzi, kuti m'kati musatsale munthu pomasula mitanda, ndipo ngakhale ena anaseka, mphunzitsi anawamvera. Anyamata awiri ali pamakwerero kumbali ya khoma lina anamasula waya womaliza womanga mtanda kukhoma lakummawa, nautukula pang'ono ndi mtengo.

Nyundo zija palibe anazigwira. Khoma linachita ngati lapuma mpweya, linapendekera m'kati pang'onopang'ono, kenako lonse lathunthu, kuyambira kona mpaka kona, linangoti khuu! Nthaka inanjenjemera. Fumbi lofiira linakwera kupitirira mitengo. Miyezi yonseyi khomalo silinkaima lokha, linkangolendewera kudenga.

Wa kabaza mmodzi anavula chipewa. Che Zubairu anali ataimirira, mpando utagwa kumbuyo kwawo.

Fumbi litatsika, Tamara anatula mbale yake pansi, nadutsa pansi pa chingwe. Anakwera pamulu paja, anawerenga ndi chala kuchokera kukona, nayamba kuchotsa njerwa, zazikulu ngati buledi ndi zazing'ono ngati sopo, zikungolekana zokha. Anasolola thabwa la nambala folo litathyoka pakati, masoketi ake ataphwanyika ngati zikamba za mazira. Anabwera nalo kwa bambo ake, amene anali atakhala pansi m'fumbi.

Anagwada, naika thabwalo pamiyendo pawo.

"Ababa," anatero, "apa m'pamene ndinkatsamiritsa mutu ndikamamanga waya."

A Elliam anagwira thabwa lija ndi manja onse awiri, kenako analisiya n'kugwira mutu wa mwana wawo, akuupapasa ngati sakukhulupirira kuti ndi wathunthu. Analira mokweza, pamaso pa midzi isanu, ndipo palibe anaseka.