Geti la ku Katawa ndi Intaneti Yopanda Malire

Boma litanditumiza ku Mzuzu, tinapeza nyumba ya lendi ku Katawa, mumpanda umodzi ndi mayi eni ake. Ife tinkakhala kumaso, iwo kumbuyo, ndipo anali ndi kakhomo kawo kakang'ono kodutsa pafupi ndi khola la nkhuku. Anali mphunzitsi wopuma pantchito, wamasiye, wolankhula Chichewa chothira Chitumbuka. Ine wa ku Zomba ndinkangodziwa "yewo" basi, ndipo ndinkamutchula paliponse, kumsika ndi kumaliro komwe.

Chaka chachiwiri amuna anga anapita ku Joni kumaphunziro a kuntchito kwawo. Anzawo anabweretsera akazi awo mabulangete ndi mapoto. Anga anabwera ndi katoni ya zipangizo: mababu oyatsa ndi foni, kamera, loko wa pageti wotsegulanso ndi foni, ndi kasipika kooneka ngati chitini cha majarini, kamene ukakalankhula kamayankha.

"Mayi a kunyumba, kuyambira lero nyumba ino ikhala yanzeru," anatero.

"Nanga masiku onsewa inali yopusa?"

Anali atakwera kale pampando kuchotsa mababu athu akale, omwe analibe mlandu uliwonse. Atamaliza anamata masiwichi onse ndi selotepi, nati tikazimitsa pakhoma babu amaiwala zonse zimene waphunzira. Kiyi wapadera wa loko uja, wotsegulira zinthu zikavuta, anamuphatikiza ndi makiyi a galimoto kuti asatayike.

Zonsezi zinkafuna intaneti, choncho anakalembetsa kukampani ina m'tauni, n'kubwera ndi rauta, kabokosi kogawa intaneti m'nyumba, ndiponso kapepala kolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu kuti bandulo yathu ndi yopanda malire. Kapepalako anakaika pafiriji ngati setifiketi ya ukwati.

Masabata awiri oyamba tinakhala ngati nduna. Bambowo ankati akakhala kuofesi, n'kuyatsa getsi la kubafa kuti anzawo aone pafoni. Kasipika kaja kankavutika kumva Chingerezi chawo, moti madzulo aliwonse ndinkamva munthu wamkulu, wa imvi m'ndevu, akubwereza mawu amodzimodzi mopinda lilime kuti chitini chimumvetse. Mayi eni nyumba anabwera kudzaona. Anamvetsera kanthawi, kenaka anati, "Kali na ulemu chomene. Kakuposa ana anga a kusukulu." Anakapatsa moni wa Chitumbuka, koma iko kanawauza za nyengo ya kudziko lina.

Pakati pa mwezi nyumba yathu inayamba ulesi. Ukauza getsi kuti liyake, linkayamba laganiza kaye. Ndinkalowa kukhitchini, kutenga chimene ndikufuna mumdima, ndipo linkayaka ndili kale pabalaza. Amuna anga anati ndi mitambo, popeza ku Mzuzu chilichonse chikavuta timanamizira mitambo.

Loweruka la sabata imeneyo inali nthawi yanga yolandira amayi a kumpingo kumapemphero a m'makomo. Bambo anali atapita ku Karonga pantchito, ndi galimoto, ndi makiyi onse. Ndinaphika tiyi, ndinakazinga mandasi, ndinabwereka mipando. Cha m'ma thu koloko kunayamba kamvula kowaza kaja kosadziwa kusiya, ndipo amayi anafika pageti, ena kuchokera ku Mchengautuwa, ena ku Nkhorongo, atavala zoyera. Ndinadina pafoni kuti geti litseguke. Kachizindikiro kanangozungulira. Ndinadinanso. Kanapitiriza kuzungulira.

Ndinatuluka ndi ambulera n'kukaima mkati mwa geti, iwo ali kunja, tikuonana pamipata ya zitsulo ngati ndabwera kudzaona akaidi.

"Mayi, kodi kiyi wasowa?" anafunsa amayi apampando, munthu wamkulu thupi ndi zaka zomwe.

"Kiyi alipo, kungoti ali ku Karonga. Geti ili limatsegulidwa ndi foni."

"Ndiye liyimbireni."

Ndinayimbira amuna anga m'malo mwake. Anati ndisadandaule, atsegula ali komweko. Ndinkamva akudina ndi kupuma mwamphamvu. Kenaka anati ayesa kuyatsa magetsi kuti aone ngati vuto ndi geti lokha, kenaka anati ayesanso kasipika. Palibe chinachitika.

Amene anatipulumutsa ndi mayi eni nyumba. Anatuluka atafunda chitenje kumutu, nauza amayi onse kuti azungulire kumbuyo. Gulu lonse linalowera pakakhomo ka kukhola, mmodzimmodzi, mowerama, nsapato zikutitimira m'matope osakanikirana ndi zitosi. Amayi apampando analowa cham'mbali, awiri akuwagwira mikono. Atafika mkati anadzikonza duku n'kunena kuti Malemba ananena kale za khomo lopapatiza. Ine ndinaseka nawo mwamanyazi.

Pabalaza panali kamdima chifukwa cha mitambo, ndipo palibe amene akanatha kuwerenga Baibulo. Ndinafuna kumatula selotepi, koma ndinaopa kupha nzeru za babu alendo akuona. Tinayamba ndi nyimbo zimene tonse timadziwa pamtima. Kenaka amayi apampando anayamba pemphero, lalitali monga mwa chizolowezi chawo. Ali pakati popempherera odwala, zonse zimene amuna anga anadina ku Karonga zinafika nthawi imodzi. Geti linalira kunja, kutseguka. Magetsi anayaka, n'kusanduka obiriwira, kenaka ofiirira. Kasipika kanatsegula nyimbo ya rumba imene bambo amamvera akamatsuka galimoto.

Amayi apampando sanasiye kupemphera. Anangokweza mawu kuti apose gitala. Mayi wina wa ku Mchengautuwa anatsegula diso limodzi, n'kusendera kufupi ndi chitseko. Ine ndinakwawa mpaka kuseri kwa kabati n'kuzula chingwe cha kasipika. Titanena ameni, palibe anatchula nkhaniyo. Anamwa tiyi nkhope zawo zili zofiirira, anayamikira mandasi, ndipo anatulukira pageti lomwe tsopano linkakana kutsekeka.

Lolemba ndinaperekeza amuna anga kuofesi ya kampani ija. Ananyamula kapepala ka pafiriji. Tinapeza mayi wachitsikana wofatsa, wooneka kuti nkhani yathu anali ataimva kale kwa anthu ambiri m'mawa womwewo.

"Mwatidulira intaneti," anatero bambo.

"Sitinadule, bambo. Tangochepetsa liwiro. Munthu akagwiritsa ntchito yambiri kufika pamlingo wina, timamubweza kumbuyo kwa mzere kuti ena nawonso apezeko mpata."

"Koma apa mwalemba kuti yopanda malire."

"Ndi yopandadi malire. Mutha kuigwiritsa ntchito mwezi wonse osatha. Kungoti pang'onopang'ono."

Anatembenuza kapepala kaja n'kutionetsa timalemba ta pansi, tating'ono ngati nyerere, tomwe bambo anatiwerenga atavula magalasi n'kuvalanso. Zonse zinalimo. Kenaka mayiyo anayang'ana pakompyuta n'kufunsa ngati kunyumba kwathu kuli holo yoonetsera mafilimu, chifukwa panali chipangizo china chimene chinkatumiza zithunzi usana wonse osapuma.

Inali kamera ya pageti. Inapangidwa kuti ikaona chinthu chikuyenda izijambula n'kutumiza. Moyang'anizana nayo panali nthochi ya mayi eni nyumba, ndipo mphepo ya ku Mzuzu siisiya tsamba la nthochi kuti lipume. Titatsegula zimene inasunga, tinapeza mafilimu osawerengeka a tsamba limodzi likugwedezeka, mwa apo ndi apo tambala akudutsa.

Madzulo ake bambo anapita kwa mayi eni nyumba kukapempha kuti nthochiyo idulidwe. Ndinkamvera pawindo. Analongosola bwinobwino za liwiro, za mzere ndi za malire. Mayiwo anamvetsera mpaka kumapeto, monga mphunzitsi amvetsera mwana wochedwa kusukulu.

"Adada, nthochi iyi imandipatsa mkoko chaka chilichonse," anatero. "Kamera yanu yakupatsani vichi?"

Bambo anabwerako, natenga makwerero, n'kuweramitsa kamera ija kuti iziyang'ana pansi. Kuyambira pamenepo inkangojambula mapazi a olowa ndi otuluka. Intaneti inayamba kufikako cha kumapeto kwa mwezi isanafooke, ngakhale masiku otsiriza zithunzi zinkabwera zosaoneka bwino, ngati zojambulidwa m'chifunga. Tinazolowera kuzindikira alendo poona nsapato.

Tsiku lina, mwezi uli kumapeto, anandiyimbira ali kuofesi. Ine ndinali patchuthi kunyumba. Mawu awo anali ozizira.

"Mayi a kunyumba, kwabwera ndani kumeneko?"

"Palibe."

"Ndaona nsapato zachimuna zikulowa pageti. Zakuda, zazikulu. Sizinatulukenso."

Ndinayang'ana pakhonde. Nsapatozo zinalipodi, zili ndi matope. Zinali zawo zomwe, zakale zija ankati zikuwathina, zimene ndinavala popita kukagula matemba kumsika kuopa kuononga zanga. Ndinawauza kuti mwini wake wa nsapatozo ndimamudziwa bwino, takhala naye zaka zambiri, ine ndinangozibwereka pokagula matemba, ndipo akabwera adzazipeza pakhonde pomwepo zikudikira polishi. Iwo anangofunsa ngati matembawo ndathira tomato.