Chithunzi chakuda cha amayi

Ndikukumbukira tsiku limene amayi anagula chithunzi. Ndinali ndisanayambe sukulu, tikukhala m'chipinda chimodzi ku komboni ya George, kutali ndi kwathu ku Malawi. Kunabwera bambo wina wogulitsa zithunzi za m'mafelemu, atazikoloweka paphewa. Zinalipo za maluwa, za mathithi, zowala mpaka maso kuwawa. Ine ndinakakamira cha maluwa ofiira. Amayi anasolola chakuda bii, cha mkazi wakunja atakhala mumdima, nkhope yokha ikuoneka.

"Ba mami, icho sichiyenda malonda," anatero bamboyo. "Ni cha bazungu bakudala, bakalekale, anangosindikiza chabe. Tengani cha maluwa mwana asangalale."

Amayi anachipendeketsa uku, kuchipendeketsa uko, mkaziyo osamuyang'ana n'komwe. "Galasi lake ni labwino," anatero.

Anachikhoma pamwamba pa makina awo osokera, n'kutsamiritsa kansanza kumbuyo kuti chiwerame pang'ono. Ankasoka atafulatira chitseko, kuti kuwala kugwere pansalu. Kuyambira pamenepo ndinayamba kuwaopa. Osacheuka, makina akulira, ungomva, "Iwe Tisa, chotsa dzanja m'shuga." Ndinkati ali ndi maso kunkhongo.

Tsiku lina ananditumira madzi kumpopi wogulitsa. Pobwera, kachigubu kali pamutu, ndinaona mlongo wanga Mada, amene anali atangoyamba kukwawa, watuluka pakhomo, akulunjika pambaula, nyemba zikubwata, kadzanja katatambasuka kale. Ndinali ndisanakuwe n'komwe. Makina anangoti zii. Amayi anatulukira ngati aponyedwa, n'kumugwira mwendo, kumukoka. Mada analira chifukwa cha kukokedwako basi, moto sunamukhudze.

Mtima utatsika amayi anandikhazika pampando wawo. "Yang'ana m'galasimo, osati mkaziyo."

Ndinaona chitseko, mbaula, mpaka kanjira ka kumpopi.

"Cha maluwa chako chija ukanaona maluwa okhaokha. Chakuda ndicho chimaonetsa za kumbuyo."

"Bwanji osagula kalilole?"

"Kalilole timamuphimba mvula ikamagunda. Ndiponso khanda salionetsa kalilole. Iwe sudziwa?"

Lero ndili ndi mwana wanga, Chiso, wayamba kukwawa mwezi uno, ndipo mtima wanga sukhala pansi, pakhomo pali ngalande, pali mbaula ya aneba, pali njinga zothamanga, ine manja ali m'ufa wa zitumbuwa, maso awiri okha. Amayi anabwerera ku Malawi, chithunzi chawo anapita nacho. Sabata yatha ndinakwera minibasi kupita m'tauni, Chiso kumsana. Mnyamata wogulitsa anandiyalira za maluwa, ine ndinasankha cha nkhalango yakuda, n'kuyamba kuchipendeketsa.

"Ba sisi, muyang'ana chithunzi olo muziyang'ana mweka?" anaseka.

Ndinkayang'ana kamutu ka Chiso kumbuyo kwanga. Kanaoneka bwinobwino.

Ndachikhoma pamwamba pa tebulo lokandirapo ufa, kansanza kumbuyo. Kale ndinkati amayi sankadziwa kusankha zokongola. Tsopano ndadziwa kuti nawonso ankaopa ngati ine, koma mantha awowo anawapezera pokhala pakhoma. Ndikawaimbira foni ndimangoti zikomo, iwo n'kufunsa ngati galasilo ndikulipukuta.