Mlendo Amene Amai Anamubereka Kumsana

Ndikukumbukira ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, tikukhala ku Chinyunyu, kuseri kwa akasupe a madzi otentha. Inali nyengo ya masuku, mvula isanakhazikike. Amai ankagulitsa masuku ndi tomato m'mbali mwa msewu waukulu, ndipo ine ndikaweruka kusukulu ndinkawapeza komweko, n'kumathamangira magalimoto beseni lili kumutu.

Amai anali munthu wosadziwa kukana. Wapaulendo akapempha madzi, ankachoka atadyanso mbatata. Mchere wathu unkathera m'makomo mwa anthu. M'mawa uliwonse asanagwire tsache ankagwada pamphasa ndi kolona m'manja, ndipo Atate ankaseka kuti Mulungu akamva mawu a amake Vero amadziwa kuti kunja kwacha. Veroyo ndine.

Tsiku lina masana basi yopita kum'mawa inaima patsogolo pathu. Kondakitala anatsitsa mayi wina atamugwira m'khwapa, anamukhazika pamwala, n'kuika kachikwama pambali pake. Anati wakhala akusanza kuyambira ku Chongwe ndipo anzake m'basimo atopa naye. Basi inapita. Mayiyo anali woonda ngati bango, milomo ili zilonda zokhazokha, koma nkhope yake inali ya munthu wosafika zaka makumi atatu. Ogulitsa anzathu anasuntha mabeseni awo mwakachetechete. Masiku amenewo mankhwala a matenda aja anali asanafike kumidzi, ndipo dzina la matendawo anthu sankalitchula n'komwe.

Amai anamuyang'ana kanthawi. Kenako anamasula chitenje chapamwamba, anawerama, n'kumubereka kumsana ngati khanda.

"Vero, tola masuku unditsate."

Kunyumba tinapeza Atate akukhoma mpini wa khasu. Anaimirira.

"Amake Vero, ameneyu ndani?"

"Sindinamufunse."

"Nanga akatifera pano tidzawauza chiyani abale ake? M'nyumba muno muli ana."

"Akafera pamsewu paja, atate ake Vero, Mulungu tidzamuuza chiyani?"

Atate anabwerera kumpini wawo, n'kuukhoma mwamphamvu kuposa mmene unkafunikira. Mlendoyo anapatsidwa kachipinda kanga ndi bulangete langa, ine n'kukapanikizana ndi ang'ono anga awiri pamphasa imodzi.

Dzina lake anali Esinati. Ankagwira ntchito yam'nyumba ku Lusaka, ndipo atadwala mabwana ake anamuuza kuti abwerere kwawo, kutsidya kwa Luangwa, kupitirira Nyimba. Dzina la mudzi wake ankalitchula mosiyanasiyana malinga ndi kutentha kwa thupi. Amai ankaimitsa basi iliyonse yopita kum'mawa n'kupereka uthenga kwa makondakitala: pali mwana wa munthu kuno, dzina lake Esinati, akufuna amake. Onse ankavomera. Palibe amene anabwera.

Atate, ngakhale ankang'ung'udza, ndiwo anakabwereka ngolo ya ng'ombe yopitira kukiliniki. Namwino anamupima, anapereka mapilisi oletsa kutsegula m'mimba ndi magolovesi angapo, kenako anaitanira Amai pambali. Ndinali pafupi, ndinamva.

"Amai, zafika patali. Muzingomusamalira."

Kumusamalirako kunali kuchapa nsalu zoipitsidwa kawiri kapena katatu patsiku, kumuphikira phala lamadzimadzi limene ankalibweza, kumutembenuza kuti msana usachite zilonda. Ntchito yanga inali yotunga madzi kukasupe, chifukwa ankafika kunyumba akadali ofunda, oyenera kusambitsira wodwala. Madzi aja amanunkha ngati mazira owola, ndipo mpaka lero fungolo likandipeza ndimaona nthiti za Esinati. Kukasupeko anzanga anayamba kusuntha zigubu zawo ndikafika. Mmodzi anandiuza poyera kuti amake amuletsa kudya nane. Ndinamuda Esinati ndi mtima wanga wonse, ndipo ndinkamuopa kuposa mmene ndinkamudera.

Loweruka lina Amai anapita kumunda kukabzala chimanga, pakuti mvula inali itagwa. Anandisiyira mawu amodzi okha: akaitana, umupatse madzi. Dzuwa litakwera ndinamva mawu ake, otsika ngati a mwana wa mbuzi.

"Vero... madzi, mwana wa amai."

Ndinatunga m'kapu, ndinafika pakhomo, koma sindinalowe. M'chipindamo munali ntchentche ndi fungo. Ndinaika kapu pansi, ndinatenga mpini wa tsache, n'kuyamba kuikankhira kwa iye. Itatsala pang'ono kufika inagunda m'mphepete mwa mphasa n'kugudubuka. Madzi analowa m'dothi. Esinati anatambasula dzanja, anagwira ponyowapo, n'kuika zala kukamwa. Sanandidzudzule. Anangondiyang'ana. Ndinathawira kuseri kwa khola la nkhuku, ndipo anaitananso kawiri ine osapita.

Amai atabwera anapeza kapu ili chafufumimba, tsache lili pakhomo. Ndinkayembekezera ndodo, ndipo ndikanakondwa nayo. M'malo mwake anasamba m'manja, anatunga madzi ena, n'kundiitana.

"Khala apa. Tambasula miyendo."

Anakweza mutu wa Esinati n'kuutsamiritsa pantchafu zanga. Unali wopepuka ngati chikho chouma, wotentha ngati mwala wapadzuwa. Amai ankamumwetsa ndi sipuni, pang'onopang'ono, akupukuta zotsikira pachibwano.

"Sutenga matenda pomugwira mutu, namwino ananena," anatero osandiyang'ana. "Uyunso ali ndi amake, Vero. Amakewo sakudziwa kumene ali."

Esinati anakhala moyo masabata ena awiri. Amai anapemphera kolona pambali pake tsiku lililonse, anaitana akatekisiti, anasala kudya Lachisanu. Palibe chinasintha. Esinati anamwalira Lachiwiri masana, ana asukulu akudutsa panjira akuimba. Amai anamusambitsa okha, anamukulunga m'chitenje chawo chakutchalitchi, ndipo Atate anapempha malo kumanda a banja lathu. Pamaliro panali anthu osakwana makumi awiri. Panalibe wolira momutchula dzina, kupatula Amai.

Pobwera kumanda ndinawafunsa funso limene linkandiwawa.

"Amai, nanga zonse zija zinathandiza chiyani? Wafabe."

Anandiyankha tikuyenda.

"Wafadi. Ine sindinamutole kuti ndimuchiritse, mwanawe, mphamvu imeneyo ndilibe. Ndinaona kuti asafe yekha."

Sindinakhutire. Ndinkaona ngati Mulungu wawanyenga Amai, ndipo iwo sakufuna kuvomera.

Papita zaka zambiri. Ndinakula, ndinakhala mphunzitsi ku Rufunsa, ndinabereka anga. Amai anapitiriza monga kale: analera ana amasiye atatu a mlamu wawo, ndipo maliro aliwonse m'mudzi ankawapeza ali kale pamoto. Chaka chatha anagwa pamunda, mbali imodzi ya thupi n'kufa, pakamwa n'kutsekeka. Tinawatengera kuchipatala cha mishoni. Madokotala anachita zimene akanatha, kenako anatiuza kuti tidikire.

Kudikirako ine kunandikanika. Ndikakhala pambali pa bedi mphindi zochepa, n'kuona maso awo akundifuna koma mawu osatuluka, ndinkapeza chifukwa chotulukira: kukagula sopo, kukaimba foni, kukafunsa namwino zimene ndinafunsa kale. Tsiku lachinayi Atate anandipeza nditakhala pakhonde, nkhope ili m'manja. Anakhala pambali panga, ndodo yawo ili pakati pa miyendo.

"Atate, ine sindili ngati Amai. Iwo sankaopa kanthu."

Anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe.

"Ndani anakuuza? Nthawi ya mtsikana wa pamsewu uja, amako akamaliza kumusambitsa ankapita kuseri kwa nkhokwe kukasanza. Ankalira kumeneko, akuti akuopa kukusiyani amasiye. Ndinkawauza kuti basi, timupereke kwa ena. Ankapukuta kumaso n'kulowanso."

Zaka zonsezi ndinkaganiza kuti Amai anabadwa ndi mtima wina, wosamva fungo, wosadziwa mantha, ndipo maganizo amenewo ankandipatsa pobisala. Tsopano ndikudziwa kuti anali wamantha ngati ine, wopanda mankhwala ngati ine, ndiponso kuti mapemphero awo ambiri sanayankhidwe mmene ankafunira. Chimene ankachita n'kulowanso basi.

Ndinadzuka pakhondepo, ndinalowa m'wodi, ndinakoka mpando. Ndinalibe choti ndiwachitire. Ndinawagwira dzanja lamoyo lija, ndipo anamwalira patapita masiku asanu ndi limodzi, ine ndili pomwepo.